Sileti Yakuda ya ku Nchalo

1. Ntchito za Lachinayi

Ntchito zanga za tsikulo zinali izi. Kutunga madzi kumjigo dzuwa lisanakwere, chifukwa kuno kwa Lundu likangokwera ndowa imawotcha pamutu. Kusesa bwalo lonse mpaka kukhola. Kutsegulira mbuzi. Kuphikira phala Limbikani, mwana wanga. Kuchapa matewera ake ndi sopo wokana thovu, poti madzi a mjigo wathu ndi amchere. Kupeta mapira a kuchigayo. Zonsezi zikatha, kupita ndi mwana kusikelo ku Nchalo.

Panali ntchito ina imene sindinauze munthu. Popita kumjigo ulendo woyamba ndinasenza thumba la chitowe changa, n'kukalibisa kuseri kwa chulu cha pamsewu.

Ndine Dyna. Sukulu ndinalekezera Fomu 3 nditatenga mimba. Akwawo kwa Hilario, bambo wa mwanayo, analowola, ndipo ndinachoka kwathu kudzakhala pakhomo pa makolo ake, a Kaitano ndi mayi Otilia. Mwana asanayambe kukwawa, Hilario anapita ku Joni kukasaka ntchito. Anandisiyira chipinda chimodzi, kamunda kakang'ono ndi foni.

Zambiri za kusukulu zinandichoka m'mutu, koma masamu anakana kuchoka. Amene ankatiphunzitsa masamuwo, Madamu Mabel, anasamukira ku Blantyre. Kumeneko anayambitsa gulu la pa Watsapu la ana a Fomu 1 ndi Fomu 2. Makolo amalipira pamwezi, ana n'kumalandira maphunziro a pakanema. Madamu ankafuna munthu wowathandiza kujambula maphunzirowo, ndipo anandikumbukira.

Phunziro loyamba ndinalijambula kuseri kwa khola. Foni ndinaitsamiritsa pa njerwa, pepala ndinaliika pa lichero. Nditatumiza, Madamu anandiyankha ndi uthenga wa mawu wautali, womwe ndinaumvera mpaka kuuloweza.

"Dyna mwana wanga, masamu ako alibe vuto. Vuto ndi chithunzi. Dzanja lako likuphimba manambala, thukuta lafufuta inki, mphepo ikukupiza pepala. Mwana wa eni sangalipirire zimenezi. Pali kachipangizo kotchedwa thabuleti yolembera. Ukalemba pamenepo, zolembazo zimatulukira pagalasi la foni, zooneka bwino ngati pabolodi. Ilipo ya mitundu iwiri. Ina ili ndi galasi lakelake lowala. Imeneyo usaiyang'ane n'komwe, ndi yodula ndipo imafuna magetsi. Ina ilibe galasi, yangoti bii ngati sileti ya ana a Sitandade 1. Imeneyo sifuna kutchaja, imadyera limodzi moto wa foni. Usatenge yaikulu, masamu safuna bwalo la mpira. Peni yake ikhale yosafuna batire. Tsono tchera khutu apa. Upite ndi foni yako. Si foni iliyonse imene imalola chipangizochi. Ulumikize pamaso pa wogulitsa, ulembe dzina lako, ulione latuluka. Ngati sunatero, ndalama isatuluke pachitenje. Phunziro lako lindipeze Loweruka lisanathe, chifukwa kuli mnyamata wa ku Zomba amene akufunanso malo omwewa."

Ntchito imeneyi ndi yokhayo imene ndikanaigwira osachoka pakhomo. Ndipo pakhomo pano ine sindichoka.

2. Foni ikhala pakhomo

Nditabereka mwana kumsana ndinalowa m'chipinda kukatenga buku la kusikelo ndi foni. Potuluka ndinapeza apongozi anga aakazi ataima pakhomo, dzanja lili chitambasulire.

"Make Limbi, foni."

"Amayi, lero lokha ndimati ndipite nayo."

"Nkhabe!" anakana m'Chisena chawo. "Kusikelo amayeza mwana kapena foni?"

"Mwina mwana angadwale panjira."

"Ukupita kuchipatala komwe. Akadwala, madokotala ali pomwepo. Khala pansi ndikuuze."

Ndinagwada pafupi ndi mtondo. Mayi Otilia akafuna kulankhula safulumira.

"Mwana wanga Hilario akugona m'kachisakasa ka malata ku Joni, akudya buledi wouma kuti iwe ndi mwanayu muvale. Chimene anapempha ndi chimodzi chokha. Akaimba, foni ilire pakhomo pano, amve tambala wa kwawo, adziwe kuti banja lake lili pamalo. Ukapita nayo ku Nchalo, akaimba adzamva ma lole ndi nyimbo za m'mabala. Udzamuuza kuti uli kusikelo, iye adzakhulupirira? Anzake kumeneko amamuuza zambiri za akazi otsala kumudzi. Taona mwana wa a Geresomo uja. Anayamba ndi foni yomweyi, lero Nchalo, mawa Bangula. Mwamuna atamva anangotumiza mawu awiri. Mtsikanayo anabwerera kwawo ndi chikwama chokha, ana anatsala, chifukwa ng'ombe zinali zitapita kale. Kwathu kuno mwana ndi wa kumene kunachokera ng'ombe. Ine sindikuda ayi. Ndikukusungira banja, ndikukusungiranso mwana ali kumsanayo. Bweretsa foni."

Apa ndi pamene ndikanalankhula. Ndikanati, amayi, pali ntchito, pali Madamu, pali chipangizo chofunika kuchiyesa ndi foniyi. Mawuwo anafika pakhosi. Koma kutchula chipangizo kunali kutchulanso thumba lili kuchulu lija.

Ndinapereka foni ndi manja awiri.

"Pyadidi, wachita bwino," anatero, n'kuimangirira pansonga ya chitenje. "Dzuwa likamapendeka ukhale utafika."

Podutsa pabwalo ndinawerama. Apongozi aamuna, a Kaitano, anali pampando wawo pansi pa mtengo wa nimu. Chibwerereni pakhomo pano sindinalankhulanepo nawo maso ndi maso. Madzi ndimawasiyira chapatali nditagwada, ndipo ndikakhala ndi mawu amadzera kwa amayi. Ndiwo mwambo wake.

3. Kwa Witness

Popita ndinatenga thumba lija kuseri kwa chulu. Kusikelo sikunachedwe. Limbikani anali atakwera pang'ono, anamwino anandiyamikira. Kuchoka apo ndinapita kwa ogula mbewu, ndipo chitowe chonse chinakwera pasikelo yawo. Chonse, ndi chambewu chomwe.

Shopu ya mafoni imene anthu anandilozera inali kakontena kotentha ngati uvuni. Mwini wake, Witness, anali atakoleka thaulo pakhosi.

"Fikani, mayi a mwana! Tchaja? Batire? Kapena bambo akunyumba aswa galasi poona mameseji?"

"Ndikufuna thabuleti yolembera."

Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumasilipasi. "Ya ana yoonerapo makatuni?"

"Yolembera masamu. Ya peni."

"Ee, pepani aphunzitsi!" Anapukuta manja pathaulo. "Zimenezo ndinaoda zitatu chaka chatha, anthu a kuno amangozifunsa mtengo n'kuseka."

Anatsitsa mabokosi pashelefu. Loyamba linali la thabuleti ya galasi lowala. Anailumikiza ku kompyuta yake, ndipo mitundu inawala mokopa. Limbikani anatambasula dzanja ali kumsana.

"Mwaona? Ngakhale bwana wamng'onoyo wasankha. Iyi mumalemba pomwe mukuona. Ya mabwana a ku esiteti ya nzimbe iyi."

"Imafuna chiyani?"

"Kompyuta ndi magetsi basi."

"Kwathu kuli sola ya babu limodzi. Bwezerani."

Yachiwiri inalibe galasi, koma inali yaikulu ngati thireyi ya tiyi. Ndinayerekeza ndi chikwama changa, sinalowe. Chinthu chosalowa m'chikwama sichikanalowanso pakhomo pa mayi Otilia.

Yachitatu inali yaing'ono ngati kope la sukulu, yopepuka, yakuda bii. Ndinaitembenuza. Inalibe polowetsa batire. Peni yake inalibenso.

"Mitu ya peniyi ikatha?"

"Muli ina yapadera m'bokosimo. Koma mayi inu mumafunsa ngati apolisi. Bweretsani foni yanu tiyese."

"Ndaisiya kunyumba."

"Mwabwera kudzagula nsapato phazi mwasiya kunyumba?" Anaseka yekha. "Chabwino, tiyesere yanga."

Anatulutsa foni yake yaikulu ya msana wobiriwira. Analumikiza ndi kachingwe kakafupi, ndipo kagetsi kakang'ono kanayaka pakona pa siletiyo. Anatsegula tsamba loyera n'kundipatsa peni.

Ndinalemba ndikuyang'ana dzanja langa. Pasileti sipanaoneke kanthu.

"Osayang'ana dzanja, aphunzitsi. Dzanja pansi, maso pafoni. Ngati kupalasa njinga, simuyang'ana mapedulo."

Poyamba manambala anatuluka okhota ngati a mwana wa kumkaka. Ndinafufuta n'kuyambanso. Kachitatu dzanja linamva. Ndinalemba 2x + 6 = 14. Ndinachotsa 6 mbali zonse ziwiri, ndinagawa ndi 2, ndipo x = 4 inakhala pagalasi yoyera, yopanda mthunzi, yopanda thukuta. Chichokereni kusukulu ndinali ndisanaone zolemba zanga zikuoneka chotero.

"Kodi pafoni yanga idzayaka chonchi?" ndinafunsa.

"Ndi yamtundu wanji?"

"Yogwira pagalasi. Anandisiyira bambo a mwanayu."

"Iyenera kulola. Zambiri zimalola." Anakanda m'mutu. "Koma ndisakunamizeni, zina zimakana, makamaka zakalekale. Ndipo katundu akatuluka pakhomo apa sabwerera. Bwanji mubwere mawa ndi foniyo? Ndikusungirani."

Mawa. Kwa Witness mawa ndi chinthu chapafupi. Ine ku Nchalo ndimaloledwa tsiku la sikelo lokha, ndipo sikelo ina inali mwezi wamawa. Loweruka linali mkuja.

Mawu a Madamu ndinkawakumbukira bwinobwino. Komabe ndinamasula mfundo ya chitenje. Titatsitsana mtengo, ndalama ya chitowe inakwanira siletiyo, kachingwe kake, ndi kabaza wobwerera.

"Takhuta, aphunzitsi," anathokoza Witness m'Chisena pokulunga bokosi m'jumbo. "Mukalemera mudzatengenso ya mabwana ija."

4. Kagetsi sikanayake

Ndinafika dzuwa lisanapendeke. Bokosi linali pansi pa matewera m'chikwama. Amayi anaona buku la kusikelo, anagwedeza mutu, n'kundibwezera foni.

"Sanaimbe," anatero.

Nditatsuka mbale ndi kugoneka mwana, ndinapita kuseri kwa khola. Kachingwe kanalowa bwinobwino pafoni. Ndinadikira kagetsi kaja.

Sikanayake.

Ndinazula, ndinauzira pabowo, ndinalowetsanso. Ndinazimitsa foni n'kuiyatsa. Ndinapukuta chingwe ndi chitenje. Ndinayendetsa peni pasileti mpaka dzanja linachita thukuta. Pagalasi panangokhala mbee.

Ndinaflashira Madamu, ndipo anaimba nthawi yomweyo. Anandiuza malo oti nditsegule m'foni ndi zilembo zitatu zoti ndifufuze. Ndinafufuza paliponse. Munalibe.

"Ndiye kuti foni yakoyo silola," anatero. "Koma kushopu inayaka bwanji?"

Ndinatembenuza sileti ija pamiyendo panga.

"Dyna. Unapita nayo foni?"

"Anandikaniza, Madamu."

"Unawauza chifukwa chake?"

"Ayi."

Anapuma mwamphamvu. "Mwana iwe, pamasamu sudumpha sitepe, bwanji pamoyo ukudumpha? Ndinakuuza zinthu zambiri, ndipo zonse wachita bwino. Wasankha yoyenera, kukula kwake n'koyenera, peni ndi yoyenera. Wasiya chimodzi chokha, chomwe chinanyamula zinzake zonse. Ine ndimakufuna iweyo pantchitoyi, koma makolo andilipira kale, ana akudikira. Sindingawauze kuti mphunzitsi ali ndi apongozi ovuta. Peza foni yolola, ngakhale yobwereka. Loweruka ndi Loweruka."

Foni itaduka ndinamva mapazi kumbuyo. Mayi Otilia anali ataima pakona pa khola, lichero lili m'manja.

"Ndimafuna ndione chitowe chako chambewu ngati sichinafumbwe, mitambo yayamba kusonkhana. Ndalowa m'chipinda, thumba mulibe." Maso awo anatsikira pamiyendo panga. "Nanga icho n'chiyani?"

Bodza lina linalibe pokhala. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, kuyambira pepala la pa lichero mpaka kontena ya Witness.

Anatenga siletiyo, anaitembenuza, anaigogoda ndi chala.

"Chitowe cha munda wonse ndi ichi?"

"Inde, amayi."

"Chimayankhula?"

"Ayi."

"Chimawala?"

"Ayi. Chimafuna foni ina."

"Ngakhale kuvundikira mphika sichingathe, chilibe chogwirira." Sanaseke. Anakhala pa njerwa ija ndinkatsamiritsapo foni. "Make Limbi, ine sukulu sindinapite, koma mbewu ndimaidziwa. Munthu amagulitsa zokolola, sagulitsa mbewu. Chaka cha madzi osefukira tinathawira pamtunda ndi ana kumsana, mbuzi zinapita, mphasa zinapita, koma mbewu ndinaimangirira pamutu. Tinagona ndi njala mbewuyo ili pomwepo, osaikhudza. N'chifukwa chake pakhomo pano pali nkhokwe lero. Iwe wagulitsa chaka chamawa kuti ugule chinthu chimene sunachione chikugwira ntchito m'manja mwako. Kufuna ntchito si mlandu. Kuphunzitsa ana a anthu si uhule. Koma unandiyang'ana m'maso m'mawa uja, mawu uli nawo m'kamwa, n'kuwameza."

"Ndikanakuuzani mukanandilola kupita nayo?"

"Ndikanakana," anayankha mosabisa. "Koma mbewu ikanakhala ili m'nyumba, ndipo ine ndikanakhala ndikukukhulupirira. Tsopano Hilario akaimba ndimuuze chiyani?"



Nthawi yomweyo wailesi inalira pansi pa mtengo wa nimu. A Kaitano anali atatulutsa foni yawo m'thumba la malaya kuti amvere nkhani za madzulo. Anawatumizira ndi mwana wawo wamkulu wa ku Tete. Amaisunga m'kapepala ka shuga kuopa fumbi, ndipo palibe amene amaikhudza, ngakhale amayi. Pamene ankaivula m'kapepalako ndinaona msana wake. Wobiriwira. Kukula kwake, maso atatu a kamera pakona, zonse ngati ya Witness.

Amayi anatsatira maso anga.

"Iyayi," anatero. "Usandiyang'ane ine."

"Amayi, mukanangondipemphera. Kanthawi kochepa chabe, ndili pomwepo pamaso pawo."

"Mawu ako ndakhala ndikukunyamulira chibwerereni pakhomo pano, chifukwa ndinkadziwa zimene zili m'kati mwake. Awa sindinyamula. Unadziwa njira ya kuchulu wekha, unadziwa ya ku Nchalo wekha. Ya pansi pa nimu ndi yaifupi kuposa zonsezo." Anaimirira n'kukutumula chitenje. "Ndipo ukayambire pa chitowe, osati pa foni. Munda umene unalimawo ndi wawo."

Anandibwezera siletiyo n'kupita.

5. Mtengo wake

Madamu ankatiphunzitsa kuti ukamaliza samu uzilemba yankho poyera, ngakhale likhale loipa. Langa ndi ili.

Chitowe chogulitsa chinapita. Chimenecho chinali cha sopo, mchere ndi nsapato zoyamba za Limbikani, yemwe wayamba kuyenda pa dothi lowotcha.

Chitowe chambewu chinapita. Mvula ikagwa, kamunda kanga kadzamera udzu, kapena ndidzapita kukapempha mbewu kwa anthu omwe ndinawabisira.

Ulendo wa kusikelo unapita. Amayi anena kuti kuyambira mwezi wamawa tizipita awiri.

Foni tsopano izigona kuchipinda kwawo. Ndiziilandira m'mawa ndi kuibweza dzuwa likalowa.

Hilario sanamvebe. Akaimba adzamva, ndipo sindikudziwa ngati adzayambe kumva kwa ine kapena kwa amayi ake.

Chimene ndatsala nacho ndi sileti yakuda yabwinobwino, yosankhidwa mwanzeru, peni yosafuna batire, kachingwe, ndi phunziro lathunthu lili m'mutu. Zonsezi zili pansi pa matewera.

Chatsala kulipira ndi chimodzi. Mawa ndi Lachisanu. Ndikatunga madzi, ndikasesa, ndikatsegulira mbuzi, a Kaitano adzatulutsa mpando wawo. Ndidzayenda kudutsa pamene ndimasiyira kapu ya madzi, ndidzagwada pafupi pomwe sindinagwadepo, ndipo kwa nthawi yoyamba adzamva mawu anga akulankhula ndi iwo.